Chimene Mbale Inaulula

Chete ankawadziwa anthu ndi mbale zawo, osati nkhope. Malo ake anali pasinki, kuseri kwa khoma lolekanitsa khitchini ndi chipinda chodyera. Pakhomapo panali kazenera kamodzi kotsekera ndi thabwa, ndipo mbale zonse zakuda zinkalowera pamenepo. Eni malo odyerawo anali azakhali ake, alongo awo a malemu bambo ake. Tsiku limene anamutenga kudzagwira ntchito anamuuziratu malamulo awiri: wa kukhitchini satuluka kutsogolo, ndipo mafoni onse amatsekeredwa m'dilowa ya pakauntala mpaka odya masana atatha.

Kutsogolo kunali kwa msuweni wake, mwana wa azakhaliwo, amene madalaivala odzadya pamalopo anamupatsa dzina loti Dona chifukwa ankanyamula thileyi ngati akuchitira anthu chifundo. Pamoto panali pa a Mchere, bambo a imvi zam'mbali, amene dzanja lawo silinkadziwa kuleka likagwira chitini cha mchere.

Masewera owerenga mbale anawayambitsa ndi a Mcherewo. Ntchito ikachepa ankatola mbale imodzi pakazenera n'kumuikira Chete pamphuno.

"Chete, tawerenga iyi. Wadya ndani?"

Chete ankaiyang'ana kaye, manja ali thovu lokhalokha. "Mnyamata wabwera ndi mtsikana amene akumuopa. Walimbana ndi nkhuku ndi foloko, nyama yonse yatsalira kufupa. Akafika kwawo akadyanso."

A Mchere ankasuzumira pakazenera n'kubwerako atagwira nthiti. "Ali apo! Wavala tayi, thukuta lili kamukamu!"

Ndi masewera omwewo amene anamupezera Wamagetsi. Tsiku lina panalowa mbale imene mafupa ake anali atawaunjika mbali imodzi, supuni ataivundikira, ndipo njere za mpunga zogwera patebulo atazitolera m'mphepete. Chete asanafunsidwe n'komwe anati, "Uyu analeredwa ndi mayi okha, ndipo anatsukapo mbale." Sankadziwa kuti mwini mbaleyo anali pamakwerero kuseri kwa khomalo, akukonza nyale. Mutu unatulukira pakazenera chozondoka.

"Zoona zake, achemwali. Zaka khumi ndikutsuka. Mwadziwa bwanji?"

Chete anagwetsera chikho m'madzi. Mawa lake mbale ya mafupa ounjika inabweranso, ndipo kunsi kwake kunali kapepala kopinda kanayi, atakamata ndi njere ya mpunga. Kanali kolembedwa kuti: *Lero mwawerenga chiyani?*

Panapita miyezi isanu timapepala tikubwera.

*

Lachiwiri masana, odya atatha, Chete anali kuseri pampopi akukwecha mapoto pamene Wamagetsi anatulukira pakona, chikwama cha zida chili paphewa. Anakhala pachidebe chovundikira n'kuyamba kusewera ndi kawaya, monga ankachitira akakhala ndi nkhani.

"Loweruka ndikubwera nawo amayi."

Chete anasiya kukwecha. "Kuno?"

"Kuno. Adzadya, kenako ndidzapempha azakhali ako kuti utuluke udzawapatse moni."

"Wawauza ntchito imene ndimagwira?"

"Ndawauza kuti umagwira kuno."

"Si zimene ndafunsa."

Wamagetsi anapinda kawaya kaja mpaka kuthyoka. "Ndawauza kuti umatsuka mbale. Anati, 'Ndiye ndinakuphunzitsa sukulu yonse ija kuti ukakwatire sinki?' Usayang'ane choncho, Chete. Amayi pakamwa ndi pamoto, koma mtima ndi wabwino. Anandilera okha, ndiye aliyense wondiyandikira amamuona ngati wakuba. Akadzakuona adzafewa."

"Akadzaona manja awa?"

Anawatambasula. Anali osweka m'zala chifukwa cha sopo, zikhadabo zofewa ngati za mwana. Wamagetsi anawagwira onse awiri osanyansidwa ndi mwaye.

"Ali ndi chibangiri chofiirira chimene sanachivulepo chibadwire ine. Amati adzachivula tsiku limene adzapeze mpongozi wowakwana. Ndachiyeza kale ndi maso, chikukwana bwino pamkono uwu."

Chete anaseka pang'ono, kenako manyazi anamugwira n'kubweza manja ake m'poto.

"Kungoti masiku ano sakuchedwa kupsa mtima," anatero Wamagetsi akudzuka. "Aondanso. Akuti ndi ukalamba."

"Suwe, mapoto sadzitsuka okha!"

Dona anali ataima pachitseko cha khitchini, atatsamira mphuthu. Palibe amene anamumva akubwera. Anamwetulira Wamagetsi ndi mano onse. "A Wamagetsi, soketi ya kuchipinda kwanga ikuthetheka. Mudzabwera liti kudzaiona?"

"Muizimitse kaye, isakupweteke," anayankha Wamagetsi, n'kuchoka osacheuka.

Dona anamuperekeza ndi maso mpaka pakona. Kumwetulira kuja kunazima.

"Ndiye apongozi akubwera? Udzavala epuloni iti, yong'ambika ija kapena yopsa?"

Chete anapitiriza kukwecha.

"Miyezi isanu ndakhala positi ofesi yanu, suwe. Ukuganiza kuti zala zanga sizimva pepala kunsi kwa mbale? Loyamba lija ndinalimatula n'kuwerenga. Ndinkayesa ndi langa. Munthu ndimamupatsa chakudya ndine, ndimamupukutira tebulo ndine, ndiye akalembere sinki?" Anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma. "Tidzaona Lowerukalo."

*

Lachinayi kunadzaza anthu kuposa masiku onse. Mbale zinkalowa ngati mvula, wailesi ya pakauntala ikulira, mafuta akuthetheka pamoto. Chete sanatukule mutu kuyambira m'mawa.

Nthawi itapitirira wani koloko, Dona anakankha thabwa la pakazenera mpaka kumapeto n'kulisiya lotsegula. Sanaunjike mbale monga mwa masiku onse. Analowetsa imodzi yokha, ataigwira ndi manja awiri. Nthawi yomweyo wailesi ija inakhala chete, koma Chete sanalabadire.

"Suwe, tawerenga iyi. Wadya ndi munthu wamatama ake. Tatiuza, ndi wotani ameneyu?"

A Mchere anabwera ndi chipande m'manja. "Abweza chakudya changa? Akuti ndachulutsanso?"

Chete anaikokera mbaleyo pafupi. Poyamba inkaoneka ngati yodyedwa theka. Koma mpunga sunachepe, anangoumwaza m'mphepete kuti pakati paoneke poyera. Nyama anaiduladula ting'onoting'ono n'kuibisa pansi pa kabichi. Msuzi wokha ndiye unaphwa, ndipo supuni inasiya mizere pamene inkaukokolola. Pambali panali kapepala kopukutira kukamwa, kofinyidwa zolimba. Chete anakatambasula ndi chala. Munali nthuli yotafunidwa mpaka kuyera, koma yosamezedwa.

Mbale yotereyi anali ataitsukapo kale, tsiku lililonse kwa miyezi isanu ndi umodzi, m'nyumba ya bambo ake. Nthawi imeneyo ankangoti bambo sakonda kabichi.

"Wapempha madzi kangati?" anafunsa.

Dona anadabwa. "Katatu. Bwanji?"

"Uyu si wamatama." Mawu a Chete anatuluka mokweza kuposa mmene wina aliyense anawamvera. "Uyu akudwala. Chakudya sichikudutsa pakhosi. Taonani, watafuna koma walephera kumeza. Akubisira munthu amene wabwera naye, ndipo wayamba kale, chifukwa wongoyamba kumene sadziwa kubisa chonchi. Bambo anga ankatero. Dona, kamuuze amene ali nayeyo amutengere kuchipatala lero lomwe, asadikire mawa. Ife tinadikira, tinaika maliro."

Kutsogolo kunali zii. Ngakhale supuni imodzi sinagunde mbale.

Mpando unakhuluzika pafupi kwambiri, patebulo loyandikana ndi khomalo. Dzanja lowonda linagwira mphepete mwa kazenera, ndipo pamkono pake panali chibangiri chofiirira chimene chinkatsetsereka chifukwa chosowa mnofu. Kenako panaoneka nkhope ya mayi wa mpango wakuda, maso akuthwa. Kumbuyo kwawo kunaima Wamagetsi, supuni idakali m'manja. Mbale yake ya mafupa ounjika inali ikadali patebulo. Dona sanailowetse.

"Amayi," anatero Wamagetsi, "zimene wanenazi n'zoona?"

Mayiwo sanacheuke. Maso awo anali pa Chete, kuyambira kumpango wonyowa mpaka kumanja a thovu.

"Ndi ameneyu? Mtsikana amene umandiuza kuti ndi wofatsa ndi ameneyu? Wofukula m'zotsala za anthu n'kumalengeza ngati wailesi?"

"Mayi, pepani, sindimadziwa kuti..."

"Usanditchule mayi. Ndakalamba chonchi sindinavulidwepo pagulu. Lero wandivula mwana wotsuka mbale, pamaso pa mwana wanga ndi pa anthu osawadziwa." Mawu anawatsamwa, anakhosomola atagwira pakhosi, ndipo anthu onse anaona. Zimenezo ndiye zinawapsetsa mtima koposa. Anakankha dzanja la mwana wawo n'kutuluka okha, msana uli chilili.

Wamagetsi anaima kanthawi, akuyang'ana kazenera, akuyang'ana chitseko. Anaika supuni patebulo n'kuthamangira amayi ake.

*

Azakhali anadikira kuti kasitomala womaliza atuluke.

"Anthu amabwera kuno kudzadya, osati kudzapimidwa! Ndani adzabwerenso pamalo pamene zotsala zake zimaulutsidwa? Chaka chonse suyankhula, anthu mpaka kukupatsa dzina, ndiye tsiku limene watsegula pakamwa n'kundigwetsera denga? Iwe mwana wa achimwene, ndinakulakwira chiyani?"

"Ine ndiye ndilibe mlandu, amayi," anatero Dona akupukuta thileyi youma kale. "Ndikanadziwa bwanji kuti akudwala? Ndimayesa anena kuti ndi onyada basi."

A Mchere anasiya kupala poto. "Ndiye umafuna awanyoze apongozi ake akumva? N'chifukwa chake unawakhazika pakhoma n'kuzimitsa wailesi?"

"A Mchere," anatero azakhali, "ntchito yanu ili pamoto. Za ana anga ndisiyireni. Ndipo masewera amenewa athere pomwepa. Ndikadzamvanso mawu oti werenga, wina anyamula katundu."

Anatsegula dilowa n'kuponya mafoni patebulo. Pa foni ya Chete panali uthenga umene unafika nthawi isanakwane thwelofu: *Amayi akuti Loweruka ndi kutali, tikubwera lero. Konzeka. Usaope.*

Anakhala pachidebe chija kuseri n'kulemba zambiri, kenako anafufuta zonse. Anatumiza mawu atatu: *Pepa. Sindimadziwa. Pepa.*

Uthengawo unaonetsa kuti wawerengedwa. Yankho silinabwere tsiku limenelo, ngakhale Lachisanu. Loweruka lija limene analichapira diresi linafika n'kudutsa, mbale ya mafupa ounjika osaoneka.

*

Wamagetsi anabwera Lolemba masana, osadzera kutsogolo. Ndevu zinali zitamera, malaya ali omwe aja a Lachinayi. Sanakhale pachidebe.

"Awagoneka," anatero. "Adokotala akuti pali chotupa pammero. Akuti tikanabwera kale. Akufuna kuwachita opaleshoni, koma afooka kwambiri. Akuti ayambe adya, thupi libwerere."

"Akudya?"

"Cha kuchipatala akukankha. Ndawaphikira ndekha, chikubwerera." Anapukuta kumaso ndi dzanja. "Ukudziwa chimene chikundidya, Chete? Ndimadya nawo tebulo limodzi tsiku ndi tsiku. Mbale yawo ndimatsuka ndine. Sindinaone kanthu. Iwe mbale imodzi yokha, waona zonse."

"Nanenso kwa bambo anga sindinaone. Munthu umadziwa mochedwa."

"Koma ukanatha kunong'ona."

Chete anaweramitsa mutu. Madzi a pampopi ankadontha m'poto, to, to, to.

"Akuti chiyani za ine?"

"Usafunse."

"Ndafunsa."

"Akuti dzina lako lisatchulidwe pafupi ndi bedi lawo. Akuti ngati ndikufuna kukukwatira ndidikire atseke maso, ndipo pamaliro pawo usadzaponde." Ananena akuyang'ana khoma. "Ndinawauza kuti pakanapanda iwe bwenzi tikanali kunyumba tikuti ndi ukalamba. Anati bola akanafa ndi ulemu wawo."

"Nanga iwe ukuti chiyani?"

Wamagetsi anatembenuka kuti azipita.

"Panopa sindikuti kanthu. Mayi ndili naye mmodzi."

Atachoka, Chete anapeza kuti wakhala akukwecha malo amodzimodzi mpaka poto kuwala ngati galasi.

*

M'mawa mwake Chete anafika kukhitchini a Mchere asanasonkhe moto. Anaika mafupa a nkhuku m'kapoto n'kuwawiritsa mpaka msuzi kuyera. Anaphika mbatata zitatu, anazinyenya, n'kuzisefa kawiri pasefa ya tiyi kuti pasatsale kambulu ngakhale kamodzi. Anamenyeramo dzira ndi kamafuta pang'ono. Supu ameneyu anamuphunzira mochedwa, masabata omaliza a bambo ake, ndipo ndi yekhayo amene ankadutsa.

A Mchere analawa ndi nsonga ya supuni n'kukwinya nkhope. "Wakoma, koma akusowa kanthu." Dzanja lawo linanyamuka lokha kulowera kuchitini. Chete analimenya ndi sefa.

"Pakhosi pa bala, a Mchere!"

"Ee, mwana uyu! Zaka makumi atatu ndili pamoto, lero ndamenyedwa ndi sefa."

Azakhali anamvetsera atapinda manja pempho la Chete loti akapereke supuyo kuchipatala.

"Chabwino. Anthu amve kuti malo ano amadziwa kupepesa. Koma akapereka ndi Dona. Iwe nkhope yako ikawawonjezera matenda."

Chete sanatsutse. Anathira supuyo m'bakuli, anakulunga ndi nsalu kuti asazizire, ndipo anamuuza Dona kuti mayiwo amwe atakhala tsonga, pang'onopang'ono, supu ali wofunda osati wotentha.

Bakuli linabwerera pakazenera masana. Chete analivundukula. Supu anali atatsika zala ziwiri. Mawa lake anatsika theka. Tsiku lachinayi munalibe kanthu, ndipo m'mphepete munali mzere wa chala chimene chinakombeza. Chete analiyang'ana bakulilo nthawi yaitali, misozi ikugwera m'madzi a sopo.

"Werenga, mwana wanga," ananong'ona a Mchere atayang'ana kaye kuchitseko.

"Akufuna kukhala ndi moyo," anatero Chete.

Koma panali zinanso zowerenga. Masiku oyamba Dona ankapita atavala epuloni n'kubwerera ola lisanathe. Sabata isanathe anayamba kusintha zovala, kudzola zonunkhira, n'kumakhala maola atatu. Anayambanso kufunsa mafunso amene sanafunsepo chibadwire.

"Suwe, mbatata zija umazisefa kangati? Dzira umathira poyamba kapena pomaliza?"

"Ukufuna uziphika ndiwe?"

"Ayi, ndikungofuna kudziwa. Kufunsa n'kulakwa?"

*

Lolemba lotsatira, Chete akutembenuza bakuli kuti alitsuke, zala zake zinagunda pepala. Linali lomata ndi kapulasitala ka kuchipatala. Anapukuta manja paepuloni n'kulitambasula.

*Chete, amayi ayamba kukhala okha pabedi. Adokotala akuti akapitiriza kudya chonchi, opaleshoni ichitika Lachisanu. Anafunsa amene amaphika supu, Dona anati ndi iyeyo. Ine ndinali pomwepo ndipo sindinatsutse. Ndikuwadziwa amayi anga, akamva kuti ndi manja ako asiya kudya. Chonde pirira. Usanene kanthu.*

Anawerenga kawiri. Anatembenuza pepalalo kuti aone ngati kuseri kuli mawu ena. Kunalibe.

Chitseko cha kutsogolo chinatseguka, ndipo azakhali analowa m'khitchini atavala diresi ya kutchalitchi, kachikwama kali m'khwapa. Chete anali asanawaonepo atavala choncho pakati pa sabata.

"Mayi aja andiitana," anatero akukonza mpango. "Akuti munthu sadziwa ngati atuluke wamoyo ku opaleshoni, ndiye akufuna asiye mwana wawo m'manja abwino. Akuti manjawo awapeza. Tikukakambirana za mnyamata uja ndi Dona."

Chipande cha a Mchere chinagwera pansi. "Mayi, muope Mulungu. Dona sadziwa ngakhale kuwiritsa madzi. Supu ameneyu..."

"Supu ameneyu amachokera m'khitchini mwanga, pamoto wanga. Amene wagwira sefa zilibe kanthu." Anatembenukira kwa Chete, ndipo mawu awo anatsika. "Tamvera, mwana wa achimwene. Mayi aja iwe sadzakulandira, kaya achire kaya asachire. Mnyamatayo wakupulumuka kale. Kuli bwino agwere m'banja momwemuno kusiyana n'kuti atoledwe ndi akunja. Pakamwa pako panapweteka kale munthu kamodzi. Ukapatsegulanso sabata ino, ukhala wapha."

"Iyeyo akudziwa zimene mukukakambiranazo?"

"Mwana womvera amadziwa zimene mayi ake akufuna. Fulumira, thira supu wa masana. Ndinyamula ndekha, Dona watsogola kale." Anatuluka kukadikira pakauntala.

A Mchere anasendera pafupi. Nkhope yawo inalibe nthabwala.

"Mwana wanga, usaphike. Nena kuti mutu ukuwawa. Alowe yekha Dona m'khitchini muno aphike, tione. Masiku awiri okha bodza liphulika ngati dzira lowola, ndipo mnyamata wako abwerera."

Chete anayang'ana kapoto kamene kanali pambali pa moto. Msuzi unali utayera kale. Zimene ananena a Mchere zinali zoona, ndipo zinali zosavuta. Sankafunika kunena bodza kapena kuulula chilichonse, koma kungokhala pansi n'kupinda manja. Anawerenga masiku pazala zake zosweka: Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu. Anakumbukira mmene bambo ake ankatembenukira kukhoma chakudya chikawatsamwa kamodzi, osafunanso kuyesa tsiku lonse.

"Masiku awiri osadya, a Mchere, Lachisanu sawalandira."

"Nanga iwe? Iwe akulandira ndani?"

Chete anatenga sefa.

Anasefa kawiri monga mwa masiku onse, osathamanga. Anathira m'bakuli, anavundikira, anakulunga nsalu. Kenako anakankha thabwa la pakazenera n'kupereka kwa azakhali ake.

"Lero ndaonjezera dzira, ndiye ndi wolemerako. Amwe theka, apume, kenako amalize. Asagone akangotha kumwa." Anatsitsa mawu. "Mukawauze kuti watero ndi Dona."

Azakhali anamuyang'ana. Ananyamula bakuli n'kutuluka.

*

Azakhali ndi Dona anabwerera dzuwa litapendeka, Chete akumaliza matambula. Anamva kuseka kwa azakhali kutsogolo, ndi mipando ikukokedwa. Thabwa la pakazenera linasuntha, ndipo bakuli linalowa pang'onopang'ono, litagwiridwa ndi dzanja la zikhadabo zopenta.

Pamkono pake panali chibangiri chofiirira.

Dzanjalo silinafulumire kubwerera. Linakhala pamenepo kanthawi, likutembenuka uku ndi uku, kuti chibangiricho chione kuwala kwa nyale imene anakonza Wamagetsi.

"Akuti mawa uchepetse dzira, suwe," anatero Dona kuseri kwa khoma. "Apongozi anga sakonda fungo lake."

Thabwa linatsekeka.

Chete anavundukula bakuli. Munali mbee, atakombeza mpaka pansi. Analitembenuza n'kupapasa kunsi ndi zala zonse, pakati ndi m'mphepete momwe. Kunalibe pepala.

A Mchere anavula chipewa chawo n'kuyang'ana pansi. Chete anamiza bakulilo m'madzi, analitsuka, analipukuta, n'kuliika pamalo pake. Kenako anatsegula filiji n'kuyamba kusankha mafupa a supu wa mawa.